Ulendo wa m'Chigwa cha Domasi Mvula Isanagwe

Munthu akachoka mumzinda wa Zomba kuloŵera ku Liwonde, amayenda phiri lalikulu lili kudzanja lake lamanzere. Akapitirira msika wa Songani, amaona kuti phirilo lagaŵikana pakati monga chipika chimene nkhwangwa yang'amba. Chakumwera kuli phiri la Zomba, ndipo chakumpoto kuli phiri la Malosa. Pakati pa mapiri aŵiriŵa ndi pamene pamatulukira mtsinje wa Domasi. Dera limene mtsinjewu umadutsa limatchedwa chigwa cha Domasi, ndipo lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 16 kuchokera ku Zomba.

Alendo ambiri amakonda kuona chigwachi m'nyengo ya dzinja, pamene chimanga chabiriŵira ndipo mitsinje yadzaza. Koma amene afuna kumvetsa moyo wa mlimi wa kumeneku ayenera kuyendako m'mwezi wa Okutobala, chilimwe chitafika pachimake. Nthaŵi imeneyi dzuŵa limaswa mtengo. Udzu umakhala utauma, fumbi lili koboo m'njira, ndipo mchenga umaotcha mapazi. Woyang'ana mothamanga angaganize kuti dziko lafa. Komatu silinafe ayi. Mitengo, mbalame ndi anthu omwe amakhala ali kalikiliki kukonzekera mvula.

Woyenda ulendo wa kuphiri amalaŵira m'mamaŵa, tambala atangolira, kuti dzuŵa likamakwera akhale atafika pamthunzi. Amatenga ndodo, botolo la madzi ndi kamba wa panjira monga chinangwa chophika kapena nthochi. Ndodoyo si yongotsamira pokwera chitunda. M'nyengo yotentha njoka zimayendayenda, choncho ndi bwino kumagogoda patsogolo podutsa m'mayangoyango. Nkhalango za m'mapiri aŵiriŵa ndi zotetezedwa ndi boma, motero mlendo amayamba wadziŵitsa alonda a nkhalango, ndipo amatsagana ndi munthu wodziŵa njira. Ana sakwera phiri okha.

Chinthu choyamba chimene chimadabwitsa mlendo m'mbali mwa phiri ndicho mitengo ya mombo ndi tsamba. Mitengoyi imayoyola masamba ake m'miyezi ya chisanu ndi kutsala mbee. Koma pofika mu Sepitembala, mvula isanadonthe ngakhale dontho limodzi, imaphukira masamba atsopano. Masambawo satuluka obiriŵira. Ena amakhala ofiira ngati magazi, ena ofiirira, ena achikasu, kotero kuti phiri lonse limaoneka ngati lavala chitenje chatsopano. Pakapita milungu iŵiri kapena itatu, kufiira kuja kumazilala ndipo masamba amabiriŵira.

Ku maiko ozizira monga England mitengo imaphukiranso chisanu chikatha, koma kumeneko nthaka imakhala yonyoŵa. Nanga kuno mtengo umapeza kuti madzi ophukira pamene nthaka yauma gwa? Yankho lake lili pansi. Mitengo ya mombo ndi tsamba ili ndi mizu yaitali imene imafika pachinyezi chakuya, kumene khasu silifika. M'mizumo ndi m'thunthu imasungamonso chakudya chimene inapanga m'dzinja lapitalo, monga momwe mlimi amasungira chimanga m'nkhokwe. Kunja kukayamba kutentha, mtengo umatapa m'nkhokwe yakeyo ndi kutulutsa masamba. Akatswiri a zomera amati kufiira kuja kumateteza tsamba lanthete kuti lisapse ndi dzuŵa. Tsono mvula ikamadzafika, mtengo umakhala uli kale ndi masamba okhwima, okonzeka kupanga chakudya kuyambira tsiku loyamba.

Pokwera ndithu, mlendo amayamba kumva mkokomo wa madzi. Mtsinje wa Domasi umayenda pamiyala, madzi ake ali mbee, ozizira mochititsa dzanzi m'mano. M'mphepete mwake muli mitengo ikuluikulu yosayoyola masamba, ndipo anyani ndi apusi amalumpha m'nthambi zake. Apa pali chodabwitsa chachiŵiri. Mvula inaleka kale mu Epulo, koma mu Okutobala mtsinje ukuyendabe. Madzi ameneŵa akuchokera kuti?

Phiri la Zomba ndi lalitali kupitirira mamita 2,000, ndipo limalandira mvula yambiri kuposa kuchigwa. Mvula ikagwa m'nkhalango, imayamba yagwera pamasamba, kenaka imadontha pang'onopang'ono pa zinyalala zofundira nthaka. Zinyalalazo pamodzi ndi udzu wa m'madambo a pamwamba pa phiri zimamwa madzi ngati chinkhupule. Madziwo amaloŵa pansi, nayenda mwakachetechete m'ming'alu ya miyala kwa miyezi yambiri, mpaka kukatulukira pa akasupe. Akasupewo ndiwo amadyetsa mtsinje chilimwe chonse. Madzi amene mayi akutunga ku Domasi mu Okutobala ndi mvula imene inagwa paphiri miyezi yambiri yapitayo.

Madziŵa ali ndi ntchito yaikulu asanathe ulendo wawo. Akatsika phiri amathirira madimba a m'mbali mwa mtsinje. Amadzaza maiŵe a boma a ku Domasi, kumene akatswiri amaŵeta nsomba monga makumba ndi chilunguni, ndi kuphunzitsa alimi kukumba maiŵe awoawo. Kumunsi amaloŵa m'ngalande za sikimu ya mpunga ya Domasi, imene inakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1970 mothandizidwa ndi akatswiri ochokera ku Taiwan. Otsalawo amakathira m'nyanja ya Chilwa, kumene asodzi amapha matemba ndi milamba. Nyanja imeneyi si yakuya, ndipo palibe mtsinje wotulukamo. Imadalira mvula ndi mitsinje yothiramo monga Domasi, Likangala ndi Phalombe. Mvula itavuta inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yake yaikulu inasandukanso matope ong'aluka, mabwato ali gone pouma.

Nchifukwa chake malo ena a paphiri amamvetsa chisoni. Mlendo amapeza lupsa lakuda bii, pamene moto wolusa wadutsa. Moto wotere amayatsa ndi alenje ofuna kuvumbulutsa nyama, ofula njuchi osasamala, kapena munthu wotentha zinyalala kumunda mphepo ikuomba. Penanso amapeza zitsa zokhazokha ndi uvuni wa makala ukufuka. Moto wa mu Okutobala ndi woopsa kuposa wa mu Juni, chifukwa udzu umakhala utaumitsitsa. Umapsereza mitengo ing'onoing'ono ndi chinkhupule chija cha zinyalala. Mvula ikagwa pamalo otere siloŵa pansi. Imathamanga pamtunda, kukokolola nthaka ndi kukadzaza mchenga mumtsinje. M'dzinja mtsinje umasefukira, m'chilimwe umachepa msanga. Mapiri ameneŵa amadziŵika kale ndi madzi oopsa ngakhale pamene nkhalango inali yoŵirira, pakuti mu 1946 napolo anatsika m'phiri la Zomba naononga milatho ndi nyumba. Phiri lopanda mitengo ndiye lingatani?

Dzuŵa likafika paliwombo, nyenje zimalira mogonthetsa m'khutu, ndipo mlendo amatsika kuloŵera kumidzi. Dera limeneli ndi la Mfumu Malemia, ndipo anthu ambiri ndi Ayao, ngakhale kuti Anyanja ndi Alomwe aliponso. Munthu waulemu sadutsa pabwalo la mwini ali duu. Amaŵerama pang'ono ndi kunena kuti, "Zikomo agogo, tidutse nawo." Agogowo amayankha kuti, "Pitani bwino bambo. Koma dzuŵa lonseli, osayamba mwamwako madzi?" Posakhalitsa mwana amabwera ndi chikho, nagwada popereka.

Chigwachi chinayamba kale kulandira alendo. Mu 1884 mbusa wa ku Scotland, Alexander Hetherwick, anatsegula mishoni ku Domasi. Mu 1929 boma la atsamunda linatsegulanso sukulu ya Jeanes, kumene aphunzitsi ankabwera ndi akazi awo kudzaphunzira za ulimi, ukhondo ndi kasamalidwe ka pakhomo, kuti akaphunzitse anzawo kumidzi. Kuyambira nthaŵi imeneyo dzina la Domasi limamveka pa nkhani za maphunziro.

M'mudzi mu Okutobala mulibe munthu wokhala manja lende. Abambo ali padenga kufolera nyumba ndi udzu umene anamweta m'chisanu, pakuti denga lothonya silikonzeka mvula ili mkati. Anyamata akuotcha njerwa. Amayi akupuntha nandolo wouma, ena akusenda chinangwa ndi kuchiyanika pathandala kuti chikhale makaka. Makakawo ndi ofunika kwambiri, chifukwa chimanga chikatha m'nkhokwe mu Januwale kapena Febuluwale, ufa wake ndiwo umapulumutsa banja. Mango ali lendelende m'mitengo koma sanapse, ndipo ana osapirira amaŵadya aaŵisi ndi mchere, kenaka nkumadandaula mano.

Kudimba ndiye kobiriŵira. Kumeneko kuli mpiru, matimati, nzimbe ndi chimanga chachiŵisi, zothiriridwa m'maŵa ndi madzulo. Zina amadya pakhomo, zina amakagulitsa ku Songani kapena ku Zomba, ndipo ndalama zake amagulira mbewu ndi feteleza.

Koma ntchito yaikulu ili kumunda wa kumtunda. Mlimi amafika kumeneko kusanache, chifukwa ikamakwana 10 koloko khasu limakhala litatentha. Amayamba ndi kusosa, kenaka amaunga mizere. Nthaka youma ndi yolimba, ndipo khasu likamenya limadzutsa fumbi lokhalokha. Anthu ena amaunjika mapesi ndi kuŵatentha kuti ntchito ichepe. Mlimi wochenjera amaŵakwirira m'mizere kuti aole ndi kusanduka manyowa, kapena amaŵayala pamwamba kuti aphimbe nthaka. Alangizi a zaulimi amalangiza kuti mizere ya chimanga italikirane masentimita 75. Pamalo otsetsereka, monga m'munsi mwa phiri la Malosa, mizere iyenera kupingasa chitunda. Mzere woloza kumunsi umasanduka ngalande, ndipo chaka chimodzi chokha chimakwana kuti munda ung'ambike chigwembe.

Pamene akulima, maso a mlimi amakhala kumwamba. Amaona anamzeze atachuluka m'mlengalenga. Ena mwa anamzezeŵa amachokera kutali ku Ulaya, kuthaŵa chisanu chimene chimayamba kumeneko pamene kuno kukutentha, ndipo amauluka makilomita zikwizikwi kuti afike kuno. Amaona mitambo ikuunjikana pamwamba pa phiri masana, ndi mphezi zikung'anima usiku cha ku Mozambique, kutsidya kwa nyanja ya Chilwa. Usiku kumatentha kosagonetsa tulo. Akuluakulu akaona zonsezi amadziŵa kuti mvula yayandikira.

Apa ndi pamene pagona nzeru zonse za ulimi, pakuti si mvula iliyonse imene ili yodzalira. Kaŵirikaŵiri chakumapeto kwa Okutobala kumagwa mvula yoyamba imene imatchedwa chizimalupsa. Imabwera ndi mphepo ndi mabingu, imazima fumbi, ndipo nthaka imatulutsa fungo lokoma limene aliyense amalidziŵa. Mtima wa mlimi umadumpha. Koma chizimalupsa chimangonyoŵetsa pamwamba, ndipo chikapita dzuŵa limatha kuŵalanso milungu iŵiri kapena itatu. Wodzala ndi mvula imeneyi amaona chimanga chake chikumera bwinobwino, kenaka nkufota ndi kuuma chili ndi masamba aŵiri. Mbewu imene anagula ndi ndalama za matimati yapita. Kuti adzalenso ayenera kukagwira ganyu m'munda mwa wina, pamene munda wake ukumera udzu.

Kuchedwa nakonso nkoopsa. Chimanga chodzalidwa mochedwa sichikula ndi mphamvu, ndipo mvula ikaleka msanga chimauma chisanakhwime. Choncho mlimi amayenera kusankha bwino tsiku lake. Masiku ano amamvera zanyengo pa wailesi, komabe sasiya njira yakale. Mvula yamphamvu ikagwa, amapita kumunda ndi kukumba pamzere. Akapeza kuti chinyezi chaloŵa kupitirira kutalika kwa chikhatho chake, ndipo dothi likuumbika akalifumbata, amadziŵa kuti nthaŵi yakwana. Akapeza fumbi pansi pa chinyezicho, amabwerera kunyumba mbewu yake ili m'thumba. M'chigwa cha Domasi mvula yodzalira imafika kaŵirikaŵiri chapakati pa Novembala kapena kumayambiriro kwa Disembala, ngakhale kuti zaka zina imachedwa.

Tsiku limenelo likafika, mudzi wonse umasamukira kumunda. Bambo amatsogola ndi khasu kukumba mapando, mayi ndi ana amatsatira pambuyo kuponya mbewu ndi kufotsera ndi phazi. Pakati pa chimanga amadzalamo nandolo, maungu ndi nyemba. Madzulo ake ngumbi zimatuluka m'zulu, ndipo ana amathamanga ndi mabeseni ndi miyuni ya udzu. Mlendo akacheukira kuphiri kumene anayenda mwezi wathawo, amapeza kuti kufiira kuja kunatha. Mombo ndi tsamba zabiriŵira, ndipo mtsinje wa Domasi, umene anauoloka podumpha pamiyala, tsopano ukumveka mkokomo wake munthu ali pamsewu.