Mmene ku America amachongera nkhani za ophwanya malamulo mwamtendere

Chaka chilichonse m'mwezi wa Meyi, ophunzira ambiri a sekondale m'dziko la America amalemba mayeso a mbiri ya dziko lawo otchedwa Advanced Placement, omwe amayendetsedwa ndi bungwe la College Board. Zotsatira zake zimayambira pa 1 mpaka 5, ndipo makoleji ambiri sakakamiza yemwe wakhoza bwino kuti abwerezenso phunzirolo, zomwe zimamupulumutsira nthawi ndi fizi.

Limodzi mwa mafunso olemera pa mayesowa limatenga malikisi 25 pa 100 alionse. Wophunzira amapatsidwa zikalata zakale 7, monga makalata, zithunzi ndi zolankhula, ndipo amakhala ndi ola limodzi kuti aziwerenge ndi kulemba nkhani. Nkhaniyo imachongedwa pa malikisi 7.

Mutu umodzi womwe umaonetsa bwino kachongedwe kameneka ndi wa anthu omwe ankaphwanya malamulo a tsankho mwadala, poyera, popanda ziwawa, n'kulolera kumangidwa. Funso likhoza kufuna kudziwa kuti njirayi inathandiza motani kuti akuda apeze ufulu pakati pa 1955 ndi 1965.

Malikisi oyamba ndi a mfundo yaikulu. Wolemba kuti Martin Luther King anali munthu wolimba mtima sapeza kanthu, chifukwa kutamanda si kuyankha funso. Koma wonena kuti kumangidwa kwa anthu ochuluka kunakakamiza boma la ku Washington kulowererapo wapereka mfundo yotheka kuiteteza ndi umboni.

Malikisi achiwiri ndi a zomwe zinkachitika m'nthawiyo. Apa wophunzira angafotokoze malamulo olekanitsa azungu ndi akuda kummwera kwa dzikolo, komanso chigamulo cha khoti lalikulu cha 1954 choletsa tsankho m'sukulu za boma.

Umboni uli ndi malikisi atatu. Kufotokoza molondola zomwe zili m'zikalata zitatu kumapindulitsa kamodzi, ndipo kugwiritsa ntchito zikalata zinayi pochirikiza mfundo kumawonjezera kena. Kachitatu kamafuna umboni womwe suli m'zikalatazo. Ngati sanatchulidwemo, wophunzira angabweretse ophunzira anayi omwe anakakhala pamalo odyera a azungu okha m'sitolo ya Woolworth ku Greensboro pa 1 Febuluwale 1960, kapena Claudette Colvin, mtsikana wa zaka 15 yemwe anakana kusiya mpando wake m'basi ku Montgomery miyezi 9 Rosa Parks asanatero.

Malikisi awiri otsiriza ndi a kusanthula. Koyamba kamafuna kuti pa zikalata ziwiri wophunzira afotokoze kufunika kwa yemwe analemba, omwe ankawalembera, cholinga chake kapena nyengo yomwe ankalembera. Kalata yomwe King analemba ali m'ndende ku Birmingham mu Epulo 1963 inali yankho kwa atsogoleri azipembedzo achizungu 8 omwe anadzudzula zionetsero kuti zinabwera pa nthawi yolakwika. Wodziwa zimenezi amamvetsa chifukwa chomwe kalatayo imatsamira kwambiri pa mfundo za chipembedzo.

Kotsiriza n'ka wophunzira amene waona kuti nkhaniyi ili ndi mbali zingapo. Parks anamangidwa pa 1 Disembala 1955, ndipo akuda ananyanyala mabasi masiku 381. Komabe, lamulo la tsankho m'mabasi linagwa ndi chigamulo cha mlandu wa Browder v. Gayle, chomwe khoti lalikulu linagwirizana nacho mu Novembala 1956. Nkhani yabwino imaonetsa kuti kunyanyala ndi makhoti zinkadalirana.

Ochonga, omwe ndi aphunzitsi a sekondale ndi a m'makoleji, amagwira ntchitoyi mu Juni ataphunzitsidwa ndi zitsanzo za mayankho kuti asamasiyane pogawa malikisi. Zolakwika za galamala sizichotsetsa malikisi pokhapokha ngati zikubisa tanthauzo, popeza nkhaniyo imalembedwa mothamanga.

Maganizo a wochonga pa kuphwanya lamulo alibe malo. Wophunzira wonena kuti makhoti ndi aphungu ndiwo anachita zazikulu kuposa zionetsero angapeze malikisi onse 7, malinga wapereka umboni wogwirika.