Mtima wa Mayi Mwana Akaloŵa M'thengo

Pakati pa Axhosa a m'chigawo cha Eastern Cape, m'dziko la South Africa, mnyamata satchedwa mwamuna kufikira atavinidwa. Chinamwali chimenechi amachitcha ulwaluko, ndipo chimachitika kaŵiri pachaka: m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi, ndiponso m'nyengo yotentha ya Novembala ndi Disembala. Malemu Nelson Mandela nawo anavinidwa mu 1934 m'mbali mwa mtsinje wa Mbashe, ali ndi zaka 16.

Mwambo wonse uli m'manja mwa amuna. Wodula anyamata amatchedwa ingcibi, ndipo phungu wosamala chilonda ndiye ikhankatha. Namwali amadzola dothi loyera, nakhala m'chisakasa kuthengo milungu ingapo. Omvera a ku Mangochi ndi Machinga akudziŵa kuti mayi saponda kusimba la jando. Kwa Axhosa lamulo ndi lomwelo. Mayi amene anasenza mimba miyezi 9, nayamwitsa, nalera, amatsala pakhomo osaloledwa kuona mwana wake.

Mumtima mwa mayiyo mumakhala zinthu ziŵiri. Choyamba ndi kunyada. Mnyamata wosavinidwa amatchedwabe inkwenkwe ngakhale atamera ndevu, ndipo mawu ake salemekezedwa pabwalo. Palibe mayi wofuna kuti mwana wake asenze chitonzo chotere.

Chachiŵiri ndi mantha, ndipo si mantha opanda maziko. M'masiku oyambirira namwali amamuchepetsera madzi ndi chakudya poganiza kuti chilonda chipole msanga. Chaka ndi chaka anyamata ena amafa ndi kuuma kwa thupi kapena kuwola kwa chilonda, makamaka m'masimba a anthu ongofuna ndalama. Mayi amaphika chakudya, nachipereka kwa tianyamata kuti tikatule kuthengo, koma sangafunse poyera ngati mwana wake akudya kapena wagona ndi malungo. Tulo timamusoŵa, pakuti paja mako ndi mako.

Poona imfa zimenezi, boma la South Africa linakhazikitsa lamulo la zinamwali mu 2021. Lamulolo likuletsa kuvinira mwana wosakwana zaka 16, ndipo wosakwana zaka 18 ayenera kukhala ndi chilolezo cha makolo. Simba lililonse liyenera kulembetsedwa, ndipo mnyamata ayambe wapimidwa kuchipatala. Motero mayi, makamaka wolera yekha ana, ali ndi mphamvu yofunsa dzina la wodula ndi la phungu mwana asanachoke pakhomo.

Tsiku lotuluka, amuna amatentha chisakasa pamodzi ndi zonse zaubwana, ndipo namwali amachoka osacheuka. Kumudzi kumakhala phwando lotchedwa umgidi, ndipo nthungululu ya mayi imamveka kuposa zonse. Alendo amati akukondwera kuti wabala mwamuna. Amayi anzake, amene anadikirapo chotere, amadziŵa kuti akuthokozanso kuti mwana wabwera wamoyo.