Luso kapena Matama? Mkangano pa Mafilimu a Terrence Malick

Pakati pa anthu opanga mafilimu masiku ano, ndi ochepa amene amagawanitsa oonera monga amachitira Terrence Malick wa ku America, munthu amene ena amamuika m'gulu la akatswiri otheratu, pamene ena amamuona ngati wodzimva amene amaphimba kusowa kwa nkhani ndi zithunzi zokongola. Malick ndi dayilekitala, kutanthauza munthu amene amatsogolera ntchito yonse yopanga filimu, kuyambira pa kusankha ochita sewero mpaka pa kugamula zimene kamera ijambule ndi zimene zitayidwe, ndipo popeza iye amazemba atolankhani ndiponso safuna ngakhale kutoledwa chithunzi, mkangano wokhudza ntchito yake wakhala ukuchitika kwa zaka zambiri mwiniwake ali duu. Kugawanikaku kunaonekera poyera mu Meyi 2011 pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes m'dziko la France, pamene filimu yake ya The Tree of Life, dzina lotanthauza mtengo wa moyo, inakuwizidwa ndi atolankhani ena pamene ena ankaiombera m'manja, koma patangopita masiku ochepa oweruza, motsogozedwa ndi Robert De Niro, anaipatsa Palme d'Or, mphoto yaikulu koposa pa chikondwererocho. Filimuyo itayamba kuonetsedwa ku America, nyumba ya kanema ya Avon mumzinda wa Stamford inakhoma chidziwitso chochenjeza anthu kuti ayambe afufuza mtundu wa filimuyo asanagule tikiti, chifukwa munthu wotuluka pakati sabwezeredwa ndalama.

Mbiri ya munthuyu imathandiza kumvetsa kumene mkanganowu unachokera. Malick anabadwa mu 1943 ndipo anakulira ku Texas ndi ku Oklahoma, kenaka anakaphunzira filosofi, amene ndi maphunziro ofufuza mafunso akuluakulu okhudza moyo, choonadi ndi chiyambi cha zinthu, pa yunivesite ya Harvard ndi ya Oxford. Mu 1969 anamasulira m'Chingerezi buku lina la Martin Heidegger, Mjeremani amene ankadandaula kuti anthu analizolowera dziko mpaka kuleka kudabwa kuti zinthu zilipo n'komwe. Otamanda Malick amati mafilimu ake amayesa kudzutsa kudabwa kumeneko, ndipo omunyoza amagwiritsa ntchito mbiri yomweyo ponena kuti iye ndi mphunzitsi amene anasochera m'nyumba ya kanema. Filimu yake yoyamba, Badlands ya mu 1973, ndi yachiwiri, Days of Heaven ya mu 1978, zinalandiridwa bwino ndi akadaulo ambiri, koma zitatha izi iye anazimiririka kwa zaka 20, mpaka mu 1998 pamene anatulukira ndi The Thin Red Line, filimu ya nkhondo ya pa chilumba cha Guadalcanal imene inapata mphoto yaikulu pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Berlin chaka chotsatira.

Mawu akuti mafilimu a Malick ndi oyenda pang'onopang'ono ayenera kuunikidwa bwino, chifukwa amanena zoona pa mbali imodzi yokha. Filimu iliyonse imapangidwa ndi zidutswa, ndipo chidutswa ndi gawo limene kamera imajambula mosalekeza mpaka pamene wolumikiza zithunzi wadula n'kuikapo china. Alipo madayilekitala amene amachedwa m'lingaliro lenileni la mawuwa, monga ankachitira Béla Tarr wa ku Hungary, amene filimu yake ya Sátántangó ya mu 1994 imatenga maola oposa asanu ndi awiri koma ili ndi zidutswa pafupifupi 150 zokha, moti woonera amatha kupenya ng'ombe zikuyenda m'matope kwa mphindi zingapo popanda kusintha kulikonse. Malick satero. M'mafilimu ake a m'zaka zaposachedwa kamera siikhazikika, imazungulira anthu, kuloza kumwamba kudzera m'masamba a mitengo, ndi kutsatira dzanja likusisita udzu, ndipo zidutswa zambiri zimatha m'masekondi ochepa. Chimene chimachedwa ndi nkhani. Woonera amene anazolowera kuti chochitika chilichonse chibale chinzake, ndi kuti funso lofunsidwa koyambirira liyankhidwe kumapeto, amadikira mpaka kutopa, chifukwa Malick amalumikiza zithunzi monga mmene munthu amakumbukirira ubwana wake, mosatsata ndondomeko, kakang'ono kosafunika kakuoneka bwino kuposa chochitika chachikulu.

Njira yake ili ndi zizindikiro zina ziwiri zimene ngakhale omunyoza amazidziwa pamtima. Choyamba ndi kukonda kuwala kwa dzuwa m'malo mwa magetsi: pojambula Days of Heaven m'minda ya tirigu ya ku Alberta, m'dziko la Canada, iye ndi wojambula wake Néstor Almendros ankadikira kanthawi kochepa kamene dzuwa limakhala litangolowa koma kunja kusanade, pamene thambo limawalabe koma mithunzi yafewa, kanthawi kosapitirira mphindi 25 pa tsiku, ndipo Almendros anapata mphoto ya Oscar chifukwa cha ntchitoyo. Chachiwiri ndi mawu omveka popanda milomo kugwedera, amene amaimira zimene munthu akulingalira mumtima, ndipo kawirikawiri amakhala onong'ona, ofunsa Mulungu kapena munthu wakufa mafunso osayankhidwa. Pamwamba pa zimenezi, Malick amajambula zambirimbiri, kenaka n'kutha chaka kapena zaka ziwiri akufunafuna filimu yake m'kati mwa muluwo, ndipo apa ndi pamene ochita sewero ambiri amalirira. Adrien Brody ankayembekezera kukhala mmodzi wa anthu otsogola mu The Thin Red Line, koma filimu itatuluka anapeza kuti gawo lake latsala kachidutswa chabe. Christopher Plummer, amene anasewera mu The New World ya mu 2005, ananena poyera pambuyo pake kuti sadzagwiranso ntchito ndi Malick ndiponso kuti munthuyu akufunika mlembi womuthandiza. Ngakhale Sean Penn, amene ali mu The Tree of Life, anauza nyuzipepala ya Le Figaro kuti mphamvu imene anaimva powerenga zolembedwa sanaipeze mu filimu yomalizidwa.

The Tree of Life ndi malo abwino oyezerapo mbali zonse ziwiri, chifukwa luso ndi matama zikupezekamo pamodzi m'mphindi 139 zomwezo. Nkhani yake, ngati ingatchedwe nkhani, ndi ya banja la O'Brien la mumzinda wa Waco ku Texas m'zaka za m'ma 1950: bambo wouma mtima, amene Brad Pitt amasewera, mayi wofatsa, amene ndi Jessica Chastain, ndi ana aamuna atatu, mmodzi mwa iwo adzamwalira ali ndi zaka 19. Filimuyo imatsegula ndi mawu a pa mutu 38 wa buku la Yobu, pamene Mulungu amayankha munthu wovutika pomufunsa za chiyambi cha dziko, ndipo uthenga wa imfa utangofika, nkhani ya banjalo imaima kwa mphindi zoposa 15 kuti woonera aone kupangika kwa nyenyezi, kuphulika kwa mapiri a moto, kuyamba kwa zamoyo m'madzi, mpaka nyama zakalekale zotchedwa dinosaur, imodzi ikuponda mutu wa inzake yofooka m'mphepete mwa mtsinje kenaka n'kuisiya yamoyo. Anthu ambiri amene anatuluka m'nyumba za kanema anatulukira pamenepa. Komabe gawoli lili ndi maziko, pakuti likuchita ndi zithunzi zomwe buku la Yobu limachita ndi mawu, kuika chisoni cha mayi mmodzi pambali pa kukula kwa chilengedwe chonse, ndipo woonera ali ndi ufulu wokana yankho lotere, koma sanganene kuti laikidwapo mwachisawawa.

Chuma chenicheni cha filimuyi chili pakati pake, pamene kamera imatsikira pa msinkhu wa mwana. Bambo akugwira kaphazi ka khanda m'manja mwake. Anyamata akuthamangira m'mbuyo mwa galimoto yopopera mankhwala ophera udzudzu, akusewera mu utsi wake osadziwa kuopsa kwake. Mwana wamkulu, Jack, wamenyetsa chitseko, ndipo bambo akumulamula kuti achitseke mwakachetechete maulendo 50. Bamboyu ankafuna kukhala woimba koma anathera pa fakitale, ndipo dzanja lake likagwira pakhosi pa mwana, woonera sangathe kusiyanitsa ngati ndi chikondi kapena chiopsezo, monganso mwanayo sangathe. Tsiku lina Jack amapeza bambo ake ali chagada pansi pa galimoto yokwezedwa ndi jeke, ndipo amaima n'kumayang'ana jekeyo kwa kanthawi, popanda mawu alionse ofotokoza zimene akuganiza. Aliyense amene anakula moopa kholo limene ankalikondanso amazindikira kamphindi kameneko, ndipo filimu yotsata ndondomeko ya masiku onse ikanakawononga pokafotokoza. Ambiri amene analemba za Malick amaona moyo wake weniweni m'gawoli, popeza iye anakhalapo ku Waco ali mwana, ndipo mng'ono wake, amene ankaphunzira kuimba gitala ku Spain, anamwalira ali wachinyamata, monganso mwana womwalira wa mu filimu ndi woimba gitala. Pano mwambi wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha ukugwira ntchito, ndipo n'chifukwa cha gawoli kuti wolemba za mafilimu wotchuka, Roger Ebert, sanalakwe kwenikweni pamene mu 2012 anaika filimuyi pa mndandanda wake wa mafilimu khumi opambana onse.

Koma filimu yomweyo imathera pa gombe la nyanja pamene amoyo ndi akufa akuyendayenda mopanda nsapato, akukumbatirana m'kuwala kofewa, ndipo apa dzanja la Malick limafooka. Anthu amene mphindi zingapo zapitazo anali ndi mkwiyo, nsanje ndi manyazi awoawo amasanduka zizindikiro chabe, ndipo chitonthozo chimene chikuperekedwa n'chosalala moti chikhoza kukwanira banja lililonse, kutanthauza kuti sichikukhudza banja la O'Brien makamaka. Kufooka kumeneku ndi kumene kunakula m'mafilimu atatu a m'zaka zotsatira, To the Wonder ya mu 2012, Knight of Cups ya mu 2015 ndi Song to Song ya mu 2017, amene anajambulidwa ndi zolembedwa zochepa kwambiri, ochita sewero akupatsidwa ufulu woyendayenda pamaso pa kamera kufikira chinachake chitachitika. Zotsatira zake ndi amuna olemera, otopa ndi moyo, akuyenda m'nyumba zagalasi za ku Los Angeles kapena ku Austin, ndi akazi okongola amene amazungulirazungulira m'minda ndi m'makatani ngati kuti alibe ntchito ina, mawu onong'ona akufunsa za chikondi mosalozera munthu aliyense. Onyoza anayerekeza zithunzizi ndi zotsatsa malonda a mafuta onunkhira, ndipo n'zovuta kuwatsutsa: ndi chikomekome cha mkuyu, ngakhale kuti m'katimo simupezeka n'komwe nyerere, mumangokhala mopanda kanthu.

Mawu akuti matama amatanthauza kudzionetsa kuti uli ndi chinthu chimene ulibe, ndipo ngati atengedwa m'lingaliro limeneli, sangaperekedwe kwa Malick monga munthu, chifukwa palibe chosonyeza kuti iye amanamizira mafunso amene amafunsa; munthu wofuna kutamandidwa sakanathawa kamera kwa zaka makumi anayi, ndipo sakanalola ena kukamulandirira mphoto ya ku Cannes. Mawuwa angaperekedwe kwa chidutswa cha filimu, pamene nyimbo za kwaya, kuwala kwa madzulo ndi mawu onong'ona zikuuza woonera kuti pano pali chinthu chakuya, koma chinthucho osaoneka. Zipangizo zake n'zofanana mu The Tree of Life ndi mu Knight of Cups, ndipo wojambula wake ndi mmodzi, Emmanuel Lubezki. Kusiyana kuli pakuti mu filimu yoyambayo kamera ikuyang'ana anthu odziwika bwino kwa wopanga filimu, okhala pa malo enieni, okhala ndi chitseko chomenyetsa ndi tebulo lodyera pamene aliyense amaopa kuyankhula, pamene mu yachiwiriyo ikuyang'ana maganizo ovekedwa zovala za anthu. Otamanda nawonso ali ndi mlandu wawo, pakuti ena mwa iwo amafulumira kunena kuti munthu amene watopa ndi filimu yotere ndi wosaphunzira, ndipo matama amtundu umenewu ndi a woonera, osati a dayilekitala.

Umboni woti vuto silili mu njira yakeyo unabwera mu 2019 ndi filimu ya A Hidden Life, imene imatenga pafupifupi maola atatu ndipo ikufotokoza za Franz Jägerstätter, mlimi wa m'mudzi wa St. Radegund ku Austria, amene anakana kulumbira kuti adzakhala wokhulupirika kwa Adolf Hitler ndipo anaphedwa pa 9 Ogasiti 1943. Mpingo wa Katolika unamutcha wodala mu 2007. Zonse zimene zimakwiyitsa onyoza zilimo, mapiri, mitambo, udzu wogwedezeka ndi mphepo, ndipo sikuti filimuyi ilibe zolakwika, chifukwa imabwereza mfundo imodzi kangapo, komanso chisankho choti banja la Jägerstätter liziyankhula Chingerezi pamene Chijeremani chikumveka makamaka m'kamwa mwa anthu okalipa chinadandaulitsa ambiri. Koma minda yokongolayo tsopano ndi minda imene mkazi wake, Fani, akulima pamodzi ndi mbale wake popanda mwamuna, anthu a m'mudzi atamusala, ndipo mawu omveka pamwamba pa zithunzi achokera m'makalata enieni amene awiriwo ankalemberana mwamunayo ali kundende, onena za ana awo aakazi atatu, za ziweto ndi za zokolola.