Munthu akalowa m'kompyuta yanu ali kutali: mungamuzindikire bwanji, mungamutsekere bwanji



Makomo ambiri kuno ku Mangochi tsopano ali ndi laputopu. Ina idabwera ndi matransipota kuchokera ku Joni pamodzi ndi mabulangete ndi njinga, ina adagulira mwana amene wasankhidwa kupita ku yunivesite, ina ndi ya komiti ya mzikiti yosungiramo mayina a ana a madrasa ndi ndalama za zopereka. M'kati mwake mumakhala zimene kale tinkatsekera m'sutikesi pansi pa bedi: zithunzi za pabanja, chiphaso cha unzika ndi pasipoti zojambulidwa, makalata a malo, ngongole za makasitomala a usipa, ndiponso njira yolowera ku banki. Makolo ndi aphunzitsi anzanga akhala akufunsa ngati n'zoona kuti munthu ali ku Lilongwe kapena ku Johannesburg angathe kuona ndi kugwira zimene zili m'kompyuta imene ili pa tebulo ku Namwera. N'zoona ndithu, ndipo palibe matsenga. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti munthu wotereyu kawirikawiri sathyola chitseko. Amachita kumutsegulira mwini kompyuta yemweyo, kapena munthu amene mwiniyo adamupatsira kompyutayo m'manja.

Pali mapulogalamu amene adapangidwa dala kuti munthu aziyendetsa kompyuta ali kutali. Odziwika kwambiri ndi TeamViewer ndi AnyDesk, onse awiri a makampani a ku Germany, komanso Chrome Remote Desktop ya Google. Windows nayo ili ndi zake ziwiri, Quick Assist ndi Remote Desktop. Mapulogalamuwa alibe mlandu. Mnyamata ali ku Cape Town amatha kuthandiza nawo bambo ake ku Makanjira kutumiza chikalata pa imelo. Kagwiridwe kake ndi kotere: mukatsegula AnyDesk, imakuonetsani nambala yaitali. Mukampatsa munthu nambalayo n'kudina povomereza, sikirini yanu yonse imaoneka kwa iye, ndipo mausi ndi kiyibodi yake zimagwira ntchito pa kompyuta yanu ngati wakhala pampando wanu. Choopsa chili pamalo otchedwa Unattended Access. Pamenepo munthu akaikapo pasiwedi kamodzi kokha, safunikanso kupempha chilolezo. Nthawi iliyonse imene kompyuta yayaka n'kulumikizidwa ku intaneti, iye angathe kulowa.

Ambiri a ife timalumikiza laputopu ku intaneti kudzera pa hotspot ya foni, ndi bandulo ya Airtel kapena TNM. Pa njira imeneyi n'kovuta kuti mlendo angogogoda pa kompyuta yanu kuchokera kunja, chifukwa makampani a mafoni amagawira anthu ambirimbiri adiresi imodzi ya pa intaneti, ndipo zogogoda zochokera kunja zimathera kwa iwo. Koma pulogalamu ikakhala kale m'kati mwa kompyuta, iyo ndi imene imaimbira kunja, n'kukakumana ndi munthu uja pa makina a kampani yake. Palibe chimene chimaitchinga, chifukwa imaoneka ngati inu mwini mwatuluka kukaona tsamba la pa intaneti. N'chifukwa chake funso loyamba munthu akakayikira liyenera kukhala lakuti ndani adagwirapo kompyutayi, ndipo adaikamo chiyani.

Wogwira woyamba ndi wokonza. Amisiri ambiri a pa boma, ku Monkey Bay kapena pa msika wa ku Namwera ndi anthu okhulupirika, ndipo ena amaika AnyDesk ndi mtima wabwino kuti mukavutikanso akuthandizeni osakukwezani kabaza. Vuto ndi lakuti sakuuzani, ndipo pasiwedi imakhala kwa iwo ndi kwa mnyamata aliyense wophunzira ntchito pa shopu yawo. Laputopu yogula kwa munthu wina nayo imabwera ndi zonse zimene mwini wake wakale adaikamo. Palinso mapulogalamu ndi magemu ongokopera pa fulashi, amene adachotsedwa loko kuti asamalipiridwe. Mwa amenewa ndi mmene mumabisala timapulogalamu taukazitape, tosaoneka n'komwe pa sikirini, totha kuwerenga chilichonse chimene mukulemba ndi kuyatsa kamera.

Wina ndi woimba foni. Amalankhula mwaulemu, amati ndi wa ku banki, kapena wa ku kampani imene m'bale wanu wa ku Joni amatumizirako ndalama. Amati ndalama zanu zakodwa, ndipo kuti zimasuke muike kapulogalamu kakang'ono n'kumuwerengera nambala. Amakufulumizitsani kuti musapeze mpata wofunsa wina. Akalowa amakuuzani kuti mutsegule akaunti yanu ya ku banki kuti aone pamene palakwika, ndipo inu mukulemba pasiwedi iye akuyang'ana. Njira yomweyi imagwiranso pa foni, popeza AnyDesk ndi TeamViewer zilinso pa Android. Woimba aliyense wopempha zimenezi mudulireni foni, ndipo ngati mtima ukuvutabe pitani nokha ku nthambi ya banki yanu kapena ku shopu ya kampaniyo.

Wina angaganize kuti nkhaniyi ndi ya anthu a m'tauni. Kumbukirani kumayambiriro kwa 2024, pamene ntchito yosindikiza mapasipoti idaima m'dziko muno. Mu Febuluwale chaka chimenecho Pulezidenti Lazarus Chakwera adauza aphungu ku Nyumba ya Malamulo kuti akathyali adalowa m'makina a nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko ndipo ankafuna dipo. Boma lathu lino, kumene achinyamata ambiri amadalira ulendo wa ku Joni, lidamva kuwawa kwake. Kompyuta ya pakhomo ilibe alonda ngati a boma, ndipo wakuba safuna zambiri: chithunzi chimodzi cha mwana wamkazi atavula hijabu m'chipinda chake n'chokwanira kuti ayambe kuopseza banja lonse kuti limupatse ndalama.

Zizindikiro zina n'zosakayikitsa. Kamuvi ka mausi kakamayenda kokha n'kumatsegula mafoda mwadongosolo, ngati pali dzanja, ndiye kuti pali dzanjadi. Kanyali ka kamera kakayaka inu musanatsegule chilichonse chofuna kamera, mawu akamalembeka okha, anzanu akamalandira mauthenga opempha ndalama amene inu simudatumize, kapena pasiwedi yanu ikayamba kukanidwa musanaisinthe, musadikire mawa. Koma zina zimangotiopseza chabe. Kompyuta yoyenda pang'onopang'ono ndi fani yolira kwambiri m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kuno kunyanja nthawi zambiri ndi kutentha ndi fumbi. Kamuvi kongonjenjemera pamalo amodzi kangakhale thukuta kapena chinyezi pamalo oyendetsera chala. Bandulo yotha msanga imadyedwa kawirikawiri ndi Windows yomwe ikamadzikonza. Ndanena izi chifukwa si bwino kunamizira mmisiri kapena m'bale ukazitape pa umboni wa fani yolira. Kuganizirana zoipa popanda umboni nakonso chipembedzo chathu chimaletsa.

Mukaona chizindikiro chenicheni, choyamba ndi kudula intaneti. Zimitsani hotspot pa foni, kapena zulani waya. Kudula intaneti kumamuchotsa munthuyo nthawi yomweyo, chifukwa popanda intaneti alibe podzera. Musayambe kulimbana naye mausi, ndipo musathamangire kufufuta zinthu.

Kenako fufuzani intaneti ili chidulire. Pafupi ndi wotchi, kumunsi kudzanja lamanja kwa sikirini, pali kamuvi koloza m'mwamba. Mukakadina mumaona timapulogalamu timene tikugwira ntchito mwakachetechete. AnyDesk imaoneka yofiira, TeamViewer yabuluu. Pitani ku Settings, kenako Apps, ndipo sanjani mndandandawo potsatira tsiku limene chilichonse chidaikidwa. Tsikulo limanena zambiri: likagwirizana ndi tsiku limene kompyuta inali kokonzetsa, kapena limene mudalandira foni ija, mwapeza gwero. Dinani pamodzi Ctrl, Shift ndi Esc kuti mutsegule Task Manager, ndipo pa Startup muone zimene zimadziyatsa zokha kompyuta ikayaka. Ku Settings komweko, pa System, onetsetsani kuti Remote Desktop ndi yozimitsa, ndipo pa Accounts muone ngati pali dzina la munthu wina amene simukumudziwa.

Musanachotse pulogalamu imene mwaipeza, jambulani sikirini ndi foni yanu. Mapulogalamuwa amasunga kaundula wa amene adalowa ndi nthawi yake. TeamViewer imasunga m'kafayilo kotchedwa Connections_incoming, AnyDesk m'kotchedwa connection_trace. Munthu wodziwa makompyuta amene mumamukhulupirira angakukopereni timafayiloti pa fulashi inu muli pomwepo. Mukatero chotsani pulogalamuyo. Dziwani kuti chitetezo cha Windows nthawi zambiri sichikuwa chikaona AnyDesk kapena TeamViewer, poti ndi mapulogalamu ovomerezeka. Kuchotsa kwake ndi kwa inu mwini. Za timapulogalamu tobisala tija, tsegulani Windows Security musankhe Microsoft Defender Offline scan. Kompyuta idzazima n'kuyakanso, ndipo idzadzifufuza kwa mphindi pafupifupi 15 Windows isanadzuke, nthawi imene kazitape sangathe kubisala bwino.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amasintha mapasiwedi pa kompyuta yomweyo imene akuikayikira, wakubayo n'kuwerenganso atsopanowo. Sinthirani pa chipangizo china, monga foni imene mukudziwa kuti ili bwino. Yambani ndi imelo, chifukwa amene wagwira imelo yanu angathe kusintha mapasiwedi a zina zonse. Kenako banki, Facebook ndi zotsala. Tengani kuti pasiwedi iliyonse imene mudalola Chrome kusunga yaonedwa kale. Pa akaunti ya Google, pa Security, pali mndandanda wa zipangizo zonse zimene zalowamo. Tulutsani chilichonse chachilendo. Pa WhatsApp onani Linked devices. Nambala imodzi imatha kulumikizidwa ku zipangizo zina zinayi, ndipo munthu amene adagwira foni yanu kwa mphindi imodzi yokha, mwina pamene mudaisiya potchaja pa golosale, angakhale akuwerenga mauthenga anu pa kompyuta yake mpaka lero. Yatsaninso Two-step verification, imene imafuna nambala yachinsinsi ya manambala 6. Ngati mudatsegula banki munthuyo ali m'kati, dziwitsani banki tsiku lomwelo, ndipo sinthani PIN ya Airtel Money kapena Mpamba.

Mtima ukapanda kukhazikikabe, koperani zikalata ndi zithunzi zokha pa fulashi, osati mapulogalamu, ndipo gwiritsani ntchito Reset this PC posankha kufufuta zonse. Laputopu iliyonse yogula kwa munthu iyenera kuchitidwa zimenezi tsiku loyamba. Onaninso Windows imene muli nayo. Microsoft idasiya kutumiza zokonza za chitetezo za Windows 7 pa 14 Januwale 2020, ndipo za Windows 10 kwa anthu wamba pa 14 Okutobala 2025. Mu Meyi 2017 kachilombo ka WannaCry kadafalikira m'mayiko pafupifupi 150, mpaka kusokoneza zipatala za ku Britain, podzera pa mpata umene Microsoft inali itatseka kale miyezi iwiri m'mbuyomo; adagwidwa ndi amene sadalandire zokonzazo. Ndikudziwa kuti bandulo ndi yodula, koma kamodzi pamwezi lolani kompyuta idzikonze.

Pali wolowa wina amene sitikonda kumutchula, ndipo ndi wa m'banja. Bambo ali ku Joni amatumiza laputopu kapena foni ataikamo kale pulogalamu yoti aziona zimene mayi akuchita kuno. Mayi naye amalumikiza WhatsApp ya bambo ku chipangizo chake mobisa. Qur'an yolemekezeka, mu Surah Al-Hujurat ndime 12, imaletsa kufufuzana zobisika, ndipo mu Surah An-Nur ndime 27 imalamula kupempha chilolezo tisanalowe m'nyumba za ena. Sindikuona chifukwa chonenera kuti malamulowa amathera pa chitseko cha matabwa. Ukwati sufufuta chinsinsi cha anthu ena amene amalemberana ndi mkazi wanu: mchemwali wake womuuza za matenda, mnzake womuuza za mavuto a banja lake. Amene ali ndi chikayiko aitane ankhoswe kapena apite kwa sheikh. Za ana ang'ono n'zosiyana, poti kholo lili ndi udindo wowayang'anira, koma chitani poyera: kompyuta ikhale pabalaza ndipo mwana adziwe kuti mumaona. Kwa amisiri athu, kompyuta ya kasitomala ndi amanah, ndipo foda ya zithunzi si mbali ya ntchito imene mwapatsidwa.

Lamulo la dziko nalo lidanenapo. Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016 idakhazikitsa kuti kulowa m'kompyuta ya wina popanda chilolezo ndi mlandu wa chindapusa ndi ndende, ndipo lamulo lomwelo lidakhazikitsa nthambi ya Malawi CERT pansi pa MACRA yoona za ziwembu za pa intaneti. Ngati mwaberedwa ndalama kapena wina akukuopsezani ndi zithunzi, musamulipire, chifukwa amabweranso. Pitani ku polisi ya pafupi ndi zithunzi za sikirini zija, timafayilo ta kaundula, nambala imene idakuimbirani ndi mauthenga onse osafufuta ngakhale umodzi. Mwana wamkazi kapena mayi amene zamugwera asapite yekha. M'bale wamkulu amuperekeze.

Kwa makomiti a mizikiti ndi madrasa amene kompyuta imodzi imagwiridwa ndi anthu ambiri: mlembi akhale ndi akaunti yake, msungichuma yake, ndipo akaunti yokhala ndi mphamvu yoika mapulogalamu pasiwedi yake idziwike kwa anthu awiri okha. Komiti ikasintha, mapasiwedi onse asinthidwe pa msonkhano wopatsirana maudindo womwewo, onse akuona.