Zilembo za Chirasha ndi Katchulidwe Kake

Maina a anthu ndi malo a ku Russia amafika kwa alembi, akonzi ndi aphunzitsi a Chicheŵa kudzera m'Chingerezi. Pofika kuno amakhala atasinthidwa kale zilembo, ndipo woŵerenga amene sadziŵa gwero lake amatchula dzina limene mwini wake sangalizindikire. Nkofunika tsono kudziŵa liwu limene chilembo chilichonse cha Chirasha chimaimira, chifukwa maonekedwe ake amasokeretsa.

1. Chiyambi chake

Alifabeti ya Chirasha ili m'gulu la zilembo zotchedwa Cyrillic. Dzinali ndi lokumbukira Cyril, amene m'chaka cha 863 anatumidwa ku Moravia pamodzi ndi mbale wake Methodius kukaphunzitsa Chikhristu. Aŵiriŵa anagwiritsa ntchito zilembo zina zotchedwa Glagolitic. Za Cyrillic zinakonzedwa pambuyo pake ku Bulgaria, ndipo zambiri zinatengedwa ku Chigiriki. Mfumu Peter Wamkulu anapeputsa maonekedwe ake pakati pa 1708 ndi 1710, ndipo mu 1918 boma linachotsa zilembo ѣ, і ndi ѳ. Lero zilipo 33: za liwu 10, zopanda liwu 21, ndi ziŵiri zimene sizitchulidwa pazokha.

2. Zilembo zonyenga maso

Zilembo А, К, М, О ndi Т zimaoneka ndi kumveka monga zachilatini zimene Chicheŵa chimalembera. Koma zisanu ndi chimodzi izi zimangofanana nazo m'maonekedwe: В amatchulidwa v, Н amatchulidwa n, Р amatchulidwa r, С amatchulidwa s, У amatchulidwa u, ndipo Х ali ndi liwu lakelake. Motero mawu akuti РЕСТОРАН, kutanthauza malo odyera, amaŵerengedwa restoran. Chidule chija СССР, cha dziko la Soviet Union limene linatha mu 1991, chinkaŵerengedwa es-es-es-er.

3. Pamene Chicheŵa chimathandiza ndi pamene chimasokoneza

Woyankhula Chicheŵa ali ndi mwaŵi pa zilembo zingapo. Ц amamveka ngati ts wa mu tsiku, Ч ngati ch wa mu chala, Ш ngati sh wa mu shuga. К, П ndi Т satuluka ndi mpweya wamphamvu: ali ngati k, p ndi t a mu kala, pala ndi tenga. Choncho Putin sayenera kutchulidwa ngati kuti walembedwa Phuthini.

Msampha waukulu uli pa Х. Angerezi amamulemba kh, monga mu Kharkov ndi Chekhov, ndipo Mcheŵa akaona kh amatchula liwu la mu khasu. Koma Х alibe kutseka kumene kuli mu k. Mpweya umangopita mokhuza pakati pa tsinde la lilime ndi m'kamwa cha kumwamba, ngati h wamphamvu.

Msampha wina uli pa r ndi l. M'Chicheŵa, r amalembedwa pambuyo pa e kapena i, ndipo kumusinthanitsa ndi l sikusintha tanthauzo. M'Chirasha Р ndi Л ndi maliwu aŵiri osiyana: рак ndi nkhanu ya m'mitsinje, pamene лак ndi vanishi wopaka matabwa.

Ы alibe mnzake m'Chicheŵa. Amatuluka munthu akatchula i atabweza lilime m'mbuyo. Щ, amene Angerezi amamulemba ndi zilembo zinayi shch, ndi liwu limodzi lokha, sh wautali wofeŵa.

4. Zilembo zosatchulidwa

Ь amafeŵetsa chilembo chimene chili patsogolo pake, monga momwe n wa mu nama amasiyanirana ndi ny wa mu nyama. Kusiyana kumeneku kumasintha tanthauzo: брат ndi mchimwene, брать ndi kutenga. Ъ amalekanitsa chilembo chopanda liwu ndi Е, Ё, Ю kapena Я, kuti zimveke zathunthu ye, yo, yu, ya.

5. Phatikizo lotsindikidwa

Mawu aliwonse a Chirasha ali ndi phatikizo limodzi lotchulidwa mwamphamvu, koma kalembedwe ka masiku onse sikalisonyeza. Замок ndi linga akatsindika phatikizo loyamba, ndi loko akatsindika lachiŵiri. Zikufanana ndi mtengo wa m'nkhalango ndi mtengo wa katundu, imene imalembedwa mofanana koma imasiyana kamvekedwe. О wosatsindikidwa amamveka ngati a: Москва ndi Maskva, ndipo молоко, mkaka, ndi malako. Komanso kumapeto kwa mawu Б amasanduka p, В amasanduka f, Д amasanduka t.

6. Chitsanzo cha Gorbachev

Dzina la mtsogoleri womaliza wa Soviet Union limalembedwa Горбачёв. Ё amatchulidwa yo kapena o, ndipo phatikizo lake ndilo limatsindikidwa. Koma Arasha kaŵirikaŵiri amasiya timadontho tiŵiri ta pamwamba pake, kotero osindikiza a Chingerezi anamutenga ngati Е nalemba Gorbachev. Katchulidwe kake koona ndi Garbachof. Chimodzimodzi Khrushchev amatha ndi liwu la of.

Mkonzi asasinthe kalembedwe kachilatini kamene dzina lotere likudziŵika nako, kuti woŵerenga athe kulipeza m'mabuku ena. Koma pamene dzinalo liyenera kutchulidwa mokweza, m'kalasi kapena pa wailesi, ndi bwino kuika katchulidwe kake pambali m'zilembo za Chicheŵa, kochokera ku Chirasha chenichenicho osati ku Chingerezi.