Phunziro: Munda Umapuma, Mayi Nayenso Apume

Ife alimi a ku Angónia timadziwa kubzala chimanga. Sitithithikiza mapando. Mapando akayandikana, chimanga chimalimbirana chakudya. Chimakula choonda ndipo sichibereka. Timadziwanso kuti munda wolimidwa chaka ndi chaka umaguga.

Nanga za ana athu taziganizira?

Mayi akatenga pakati mwana akadali wakhanda, timati watumbiza. Mwana uja amaleka kuyamwa nthawi isanakwane. Amayamba kudya phala lokha. Amatsekula m'mimba, tsitsi limafiira, miyendo imatupa. Mayi naye magazi amachepa m'thupi, chifukwa sanapume. Khasu limamulemera. Mwana wobwerayo angabadwe wochepa, kapena masiku ake asanakwane.

Makolo athu ankadziwa zimenezi. Ankanyoza utumbidwa. Lero achipatala akunena zomwezo. Mayi akabereka, adikire zaka 2 asanatengenso pakati. Choncho ana amasiyana pafupifupi zaka 3.

Tingachite bwanji? Kuchipatala cha ku Ulóngue ndi m'zipatala zazing'ono kuli njira zolera. Pali mapiritsi, jakisoni, lupu, makondomu, ndi kachipangizo koika pamkono. Anamwino amafotokoza njira iliyonse. Bambo ndi mayi apite limodzi, akasankhe okha. Kulera sikutseka mimba mpaka kalekale ayi. Akasiya njirazi, mayi amatha kutenganso pakati.

Mayi akakhala ndi pakati, ayambe sikelo msanga, miyezi 3 isanathe. Kumeneko amamuyeza magazi, amamupatsa mankhwala oonjezera magazi ndi oteteza malungo. Azigona m'neti. Azidya nyemba, mtedza, soya, mazira ndi masamba. Zonsezi timalima tokha. Tisagulitse zonse kumsika n'kusiya mphika uli gwa.

Ngozi tizidziwe. Mayi akamataya magazi, akatupa nkhope ndi manja, mutu ukamamupweteka kwambiri, kapena thupi likatentha, tisadikire kuti kuche. Tithamange naye kuchipatala. Nthawi ya dzinja mitsinje imadzaza ndipo misewu imaterera. Mayi wa kutali apite msanga kukadikirira pafupi ndi chipatala. Ngolo ya koperativa imanyamula mbatata ya kachewere. Kodi ingalephere kunyamula mayi wodwala?

Mwana akabadwa, ayamwe bere lokha miyezi 6. Asamwe madzi kapena phala. Kenaka ayambe phala losakaniza ndi nsinjiro, koma aziyamwabe mpaka zaka 2. Alandire katemera yense. Khadi lake tilisunge bwino ngati mbeu.

Zinthu zimatha kusintha. M'chaka cha 1997, kafukufuku wa boma anapeza kuti mwa ana 1000 obadwa m'Mozambique muno, pafupifupi 200 ankamwalira asanafike zaka 5. Kafukufuku wa 2022 ndi 2023 anapeza 60. Maliro achepa, koma 60 ndi ambiribe. Ena mwa iwo ndi a m'midzi mwathu muno.

Abambo, nkhaniyi si ya amayi okha. Wotumbiza sakhala mmodzi. Tikambirane kunyumba, tikambiranenso pamsonkhano wa koperativa.

Mafunso
1. Kodi mayi adikire zaka zingati asanatengenso pakati?
2. Tchulani zizindikiro 3 za ngozi kwa mayi wapakati.
3. Nanga koperativa yathu ingathandize bwanji mayi wa kutali ndi chipatala?

Lembani m'kope: Mayi apume, mwana akule.