Kunenepa, Opaleshoni ya Chifu ndi Mano Athu

Ambirife tinakula tikumva kuti munthu wonenepa ndiye wodya bwino. Koma kunenepa kopitirira muyeso ndi matenda. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linapeza kuti m'chaka cha 2022 munthu mmodzi mwa anthu 8 aliwonse pa dziko lapansi anali wonenepa kopitirira muyeso. Phunziro la lero litionetsa mmene matendawa amafikira mpaka m'kamwa.

Tiyambe ndi masamu

Achipatala amayeza kulemera ndi kutalika kwa munthu. Bambo wina akulemera makilo 90 ndipo ndi wamtali mamita 1,70. Tichulukitse 1,70 ndi 1,70: tipeza 2,89. Tigawe 90 ndi 2,89: tipeza 31. Nambala ikafika pa 30, munthu wamkulu wanenepa kopitirira muyeso.

Shuga, thupi ndi mano

Shuga amene amanenepetsa thupi ndi yemweyonso amene amaoletsa mano. M'kamwa mwathu muli tizilombo tosaoneka ndi maso. Tikadya shuga, tizilomboti timadya nawo, ndipo timatulutsa asidi. Asidiyo amasungunula chikuto cholimba cha dzino mpaka dzino kubooka. WHO imalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire masupuni aang'ono 12 a shuga pa tsiku. Chitini chimodzi cha chakumwa chotsekemera chimatha kukhala ndi masupuni 10.

Kunenepa kumaitananso matenda a shuga. Wodwala shuga nkhama zake zimatupa msanga, zimatuluka magazi, ndipo mano amayamba kugwedera.

Opaleshoni ya chifu

Munthu akanenepa kwambiri, ndipo kusintha kadyedwe ndi kulimbitsa thupi kwalephera, madokotala amatha kuchepetsa chifu chake. Dokotala wa ku Iowa, ku America, dzina lake Edward Mason, anayamba njira ina yotere m'zaka za m'ma 1960. Pa njira ina yofala masiku ano, pa magawo 5 a chifu amachotsapo pafupifupi magawo 4. Munthu amakhuta msanga, amatsika thupi, ndipo ambiri shuga wawo amatsika. Opaleshoniyi yathandiza anthu ochuluka. Koma mano amakumana ndi mavuto atsopano.

Loyamba: chifu chaching'ono sichilandira chakudya chambiri, choncho munthu amadya pang'onopang'ono, kambirimbiri pa tsiku. Nthawi iliyonse akadya, tizilombo tija timatulutsa asidi, mano osapuma.

Lachiwiri: ena amasanza kapena amamva chilungulira. Asidi wa m'chifu akafika m'kamwa amapereseza mano, ndipo dzino limawawa likakhudza madzi ozizira.

Lachitatu: ena m'kamwa mumauma. Malovu ndiwo amatsuka mano ndi kufewetsa mphamvu ya asidi. Akachepa, mano amasowa chitetezo.

Lachinayi: thupi limatha kuperewera kashiamu ndi vitamini D, zimene zimalimbitsa mafupa. Nsagwada zimene zimagwira mano ndi mafupanso.

Taonani tsono: wochitidwa opaleshoniyi ayenera kutafuna chakudya mpaka chisalale asanameze. Ngati mano ake atha, adzathawa nyemba, nyama ndi ndiwo zamasamba, n'kumangodya zofewa ndi zotsekemera. Pamenepo thupi likhoza kubwereranso.

Tichite chiyani?

Wopita ku opaleshoniyi ayambe waonana ndi dokotala wa mano. Pambuyo pake azimwa madzi pang'onopang'ono tsiku lonse, ndipo asasiye mavitamini amene achipatala amupatsa. Akasanza achukuche m'kamwa ndi madzi, adikire ola limodzi, kenako atsuke ndi mswachi, chifukwa dzino limene lakhudzidwa ndi asidi limakhala lofewa.

Kwa ife tonse: titsuke mano kawiri pa tsiku ndi mankhwala okhala ndi fluoride, makamaka tisanagone. Tichepetse shuga mu tiyi ndi m'phala la ana. Munthu wamkulu ali ndi mano 32, ndipo limene lazuka silimeranso.

Tikambirane

1. Kodi tizilombo ta m'kamwa timatulutsa chiyani tikadya shuga?
2. Tchulani ntchito ziwiri za malovu.
3. N'chifukwa chiyani sitiyenera kutsuka mano titangosanza kumene?
4. Mayi wina akulemera makilo 80 ndipo ndi wamtali mamita 1,60. Pezani nambala yake.
5. Werengani masupuni a shuga amene mwamwa lero, mulembe nambalayo m'kope mwanu.